A Chikoti ndi Buku la Nsomba za Mfumu

A Alfred Chikoti anabadwira kwa Kabudula m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo mwa onsewo ndi iwo okha amene anaponda ku sekondale. Analekezera Fomu 2 bambo awo atamwalira. Komabe Chingerezi chimene anatola m'zaka ziwirizo chinawadyetsa moyo wawo wonse. N'chimene chinawalowetsa ntchito pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Nsaru, poyamba ngati womasulira alangizi akabwera kudzayendera minda, kenako ngati kapitawo, udindo umene anaugwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Esitetiyo itagulitsidwa, anasamukira kwawo kwa akazi awo, a Nabanda, cha ku Nambuma, n'kumalima chimanga ndi mtedza ngati wina aliyense.

Anali munthu wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, wopisira malaya ngakhale popita kudimba. Anthu ankawapatsa ulemu, koma panalibe amene ankawazolowera kwenikweni. Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, komiti ya sekondale yoyendera ya m'deralo inawapempha kuti azisunga kiyi wa chipinda cha mabuku. Inkafuna munthu wotha kuwerenga mitu ya mabuku, komanso woti ana akamuona aziganiza kawiri asanang'ambe tsamba. A Chikoti anali oyenera pa zonse ziwiri.

Mabuku ambiri a m'chipindamo anabwera m'makatoni kuchokera kwa akufuna kwabwino a kunja. Ena anali osathandiza n'komwe: kakonzedwe ka makina otsukira mbale, kalimidwe ka maluwa m'dziko la chisanu. Koma m'katoni ina imene inafika mu 2018 munali buku lina lonenepa, lachikuto chofiira, lojambulidwa mtsikana atagwada m'mbali mwa dziwe. Mphunzitsi wa Chingerezi, mayi Ethel Nkhoma, anapita nalo kunyumba Lachisanu, ndipo Lolemba anabwera nalo maso ali gwa, n'kulipereka ku kagulu kawo ka owerenga komwe kankakumana Lachitatu masana m'chipinda chomwecho.

Nkhani yake inali ya dziko lopeka, koma aliyense ankaona kuti wolembayo anatengera dziko la China lamakedzana. Munali anthu ovala mikanjo ya silika, linga la mfumu la zipata zisanu ndi zinayi, ndi akazi a mfumu okhala m'mabwalo awoawo, aliyense akukonza zoti mwana wake ndiye adzalowe ufumu. Mfumuyo inkadwala ndipo inkakhala kuseri kwa nsalu yotchinga, kumene ankaloledwa kulowa ndi munthu mmodzi yekha, mkulu woyang'anira linga. Pakati pa lingalo panali dziwe la nsomba zagolide. Munthu akanama ali pafupi ndi dziwelo, nsombazo zinkada bii. Chotero milandu yonse ikuluikulu inkazengedwa m'mbali mwa madziwo. Bambo ake a mtsikana wa pachikuto uja, omwe anali mlembi wa mfumu, anaimbidwa mlandu woukira pomwepo. Mboni inali mkulu wa linga uja, ndipo nsomba sizinade. Anawatumiza ku migodi ya mchere komwe anakafera. Mtsikanayo anasintha dzina n'kukalowa ntchito yodyetsa nsombazo, kuti adziwe chimene chinachitika.

Bukulo linali limodzi, ofuna kuliwerenga anali ambiri. A Chikoti analamula kuti aliyense azikhala nalo masiku atatu basi. Pofika mwezi wachiwiri anali atalimata kawiri kumsana kwake, n'kulikutira ndi pepala la thumba la simenti. Anyamata poyamba ankati n'za atsikana, popeza munalibe nkhonya zambiri ngati m'makanema a Matchaina omasuliridwa m'Chichewa omwe ankaonera pamsika. Koma pambuyo pake nawonso anayamba kulembetsa mayina, akuyang'ana kumbali.

Amene analikonda koposa anali atsikana awiri a Fomu 3. Tadala, mwana wa mlimi wa pafupi ndi sukulu, ankakonda zachikondi cha mtsikanayo ndi mwana wachitatu wa mfumu, ndipo ankadumpha masamba kuti akafike pomwe awiriwo akumananso. Salma, yemwe makolo ake anali ndi sitolo pa Nambuma, analibe nazo ntchito zachikondizo. Iye ankafuna kudziwa amene akunamiza mnzake, ndipo ankajambula m'kope mwake mizere yolumikiza mayina. Mayinawo ankapinda lilime, ndiye awiriwa anawapatsa awoawo, ndipo sukulu yonse inatengera. Mtsikana uja anakhala Nansomba. Mkazi wamkulu wa mfumu anakhala Mayi Aakulu. Mkulu wa linga anamutcha Kapitawo.

A Chikoti sankadziwa zimenezi. Tsiku lina akusesa pakhonde anamva Salma akuuza mnzake mkati:

"Kapitawo uja ndi njoka yeniyeni. Amayenda mwakachetechete, amapereka ulemu kwa aliyense, koma amene wamuyang'ana kawiri sachedwa kusowa."

Tsache linaima m'manja mwawo. Anaganiza kuti wina wa ku Nsaru wafika kuno ndi nkhani zakale. Mpaka Tadala atayankha kuti, "Dikira ufike pamene akumutsekulira Nansomba chipata chachisanu," m'pamene anazindikira kuti akunena za m'buku. Anapitiriza kusesa, koma malo amodzimodzi omwewo.

Teremu itatha bukulo linabwerera pashelefu. A Chikoti ankabwerabe kusukulu m'mawa uliwonse kudzatsegula mawindo kuti chiswe chisalowerere, ndipo tsiku lina analitenga n'kukhala nalo pampando wa pakhomo, dikishonale ili pamwendo. Anali asanawerengepo buku la nthano lalikulu chotero. Masamba oyamba anawatopetsa. Anthu ake ankagwadirana kwambiri ndi kumwa tiyi mosalekeza. Koma atafika pamene mkulu wa linga akutuluka kuseri kwa nsalu n'kuuza nduna kuti, mfumu yamva, anaona kuti akumudziwa munthuyu. Ankadziwa kayendedwe kake, kaimidwe kake pakhomo, ndi mmene amayezera nkhope ya mbuye wake asanatsegule pakamwa. Anamaliza bukulo m'masabata atatu.

Chinsinsi chimene Nansomba anatulukira chinali chakuti mkulu wa linga sananamepo ngakhale kamodzi. Mlembi uja ananenadi kuti mfumu yodwala siyenera kulamula. Koma ananena akulira, akupempha kuti aitane asing'anga a kumapiri adzaichize mfumuyo kuti ilamulenso bwino. Mkulu wa linga anatenga chiganizo choyamba, n'kusiya zotsalazo. Nsomba zinalibe chifukwa chodera.

Pamenepo a Chikoti anatseka bukulo, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana bwalo la mpira lopanda anthu.

Mu 1996, pa esiteti ija panali tenanti wina dzina lake Davie Namakhwa, wochokera ku Phalombe. Anabwera ndi mkazi wake Martha ndi ana atatu. Anali mlimi wa dzanja labwino. Nazale yake inkamera mofanana ngati mphasa, ndipo fodya wake akauma m'chigafa ankakhala wa mtundu umodzi. Ankathanso kulemba ndi kuwerenga. Mwini esiteti, yemwe ankakhala mumzinda wa Lilongwe n'kumabwera Loweruka lokha, anaima tsiku lina m'munda wa Davie nati kwa a Chikoti, "Munthu uyu akhoza kukuthandizani ukapitawo chaka chamawa." A Chikoti anavomera ndi mutu. Mawuwo anawakhala pamtima ngati mwala.

Matenanti ankamwa madzi a pachitsime cha kudambo, kumunsi kwa malo otsukirapo zopoperera mankhwala. Mvula yoyamba itagwa, ana anayamba kutsegula m'mimba, ndipo mwana wamng'ono wa Davie anamwalira sabata ya Khirisimasi. Inali nthawi imene anthu anali atangoyamba kuzolowera kulankhula poyera, matipate atabwera. Davie anasonkhanitsa anzake pansi pa mtengo wa mthethe kuti agwirizane zopempha mjigo. A Chikoti anaima chapatali, akumva zonse. Pakati pa zokambiranazo Davie anati, "Akapanda kutimva, tsiku lina zigafazi zidzapsa." Mkulu wina anamudzudzula pomwepo, ndipo Davie anapepesa, nati ndi chisoni chabe chikumulankhulitsa. Matenantiwo anamaliza ndi kugwirizana kuti atume a kapitawo akawapemphere mjigo kwa bwana.

Loweruka a Chikoti anaima pawindo la galimoto la bwana. Anati matenanti anachita msonkhano. Anati woitanitsa anali Davie. Anabwereza mawu a zigafa aja monga mmene anatulukira. Bwana anafunsa ngati anamva ndi makutu awo, iwo anati inde. Za chitsime, za maliro, za kupepesa, sanatchule. Lolemba lole inabwera kudzanyamula banja la Davie, mvula ikugwa, fodya wawo ali m'chiuno m'munda. Inakawatsitsa pamsewu waukulu wa ku Mchinji.

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri a Chikoti ankadziuza kuti sananame. Zinali zoona, ndipo zinkawathandiza kugona.

Sukulu itatsegulidwa kunabuka kamkangano. Kholo lina linadandaula kukomiti kuti ana akuwerenga buku la ufiti, la nsomba zamatsenga ndi mizimu ya makolo a anthu achikunja. Ena m'komitimo anati ndi bwino kungolichotsa. A Chikoti, omwe kawirikawiri sankalankhula pamisonkhano, anapempha mwayi.

"Ine ndaliwerenga lonse," anatero. "Za ufiti mulibemo zoti mwana angatengere. Muli za anthu okhala pafupi ndi mpando, ndi mmene amadyerana. Zimenezo ana athu adzakumana nazo, kaya awerenga kaya sawerenga."

Bukulo linatsala. Mayi Nkhoma atamva kuti a Chikoti analimaliza, anawapempha kuti Lachitatu asakhale pakhomo, alowe akhale nawo pagulu. Tsikulo funso lawo kwa ophunzira linali lakuti: kodi Kapitawo ananama?

Tadala anati ayi. "Nsomba sizinade, madamu. Buku lenilenilo likutero. Ndi woipa, koma wabodza ayi."

"Nsombazo n'zimene zili zoperewera," anatero Salma. "Zimamva zimene munthu wanena. Zimene wameza sizizimva. Ine chimene chinandinyansa n'chakuti kumapeto angomuchotsa paudindo n'kumutumiza kukasamala manda a mafumu. Akudya, akugona. Bambo ake a Nansomba ali m'dothi."

Ena anati chilangocho chinakwana, popeza munthu wozolowera kunong'oneza mfumu kumusiya pakati pa manda n'kumupha kale. Wina anati wolakwa weniweni ndi mfumu, yomwe inalola kumva dziko lonse kudzera m'kamwa limodzi. Mayi Nkhoma anatembenukira kwa a Chikoti.

"Nanga inu bambo, mwamuona bwanji?"

A Chikoti anayamba akonza kolala ya malaya. "Ine ndinaona munthu wamantha," anatero. "Mwaona pamene mfumu inayamikira zolemba za mlembi uja pamaso pake? Kuyambira pamenepo sanagonenso. Anakulira m'linga, analibe kwina kopita. Munthu wotero akaona wina akuyandikira pamene iye waima, amaona ngati nthaka ikugumuka."

"Ndiye tizimumvera chisoni, agogo?" anafunsa Salma. Sanafunse mwachipongwe; ankafunadi kudziwa.

"Sindinatero, mwanawe."

"Chifukwa mantha akewo anapha munthu. Ndipo m'buku monse palibe pamene anapita kwa Nansomba kukanena yekha. Anachita kumugwira."

"Palibedi," anatero a Chikoti.

Belu linalira, ana anatuluka akukanganabe. Iwo anatseka mawindo, anakhoma chitseko, n'kupita kunyumba wapansi, njinga akuikankha.

Anapeza a Nabanda akusenda mtedza pakhonde. Anakhala pambali pawo n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pansi pa mthethe mpaka pawindo la galimoto. Ankayembekezera kuti akazi awo adabwa. A Nabanda sanasiye kusenda.

"Ndinkadziwa," anatero. "Akazi a matenanti anandiuza pachigayo sabata yomweyo zimene anakutumani. Ndinamuona Martha akukwera lole ija, mwana kumsana, ndowa kumutu. Ndimadikira kuti mwina mudzanena nokha."

"Zaka zonsezi?"

"Nanga ndikanayamba ine? Inu munali a kapitawo." Anakhuthulira makoko m'lichero lina. "Mukudziwa kumene ali. Mukafuna kupita, pitani. Mukapanda kupita, musandiuzenso nkhaniyi."

Ankadziwadi. Kangapo konse, ali m'minibasi yopita ku Namitete, anamuonapo Davie pa Msundwe, atakhala pansi pa kashedi ka malata akukhoma zidebe. Nthawi zonse ankatembenuzira nkhope kuwindo la mbali ina.

Anapita Loweruka lotsatira. Kuchokera ku Nambuma ndi ulendo wolumikiza, ndipo anafika dzuwa lili paliwombo. Davie anali atakalamba kuposa zaka zake, imvi mutu wonse, zala zodzaza zipsera za malata. Anakweza maso, nawayang'ana kanthawi, n'kuika nyundo pansi.

"A kapitawo," anatero.

"Ndine, a Namakhwa. Muli bwanji?"

"Tilipo. Khalani apo." Anawakankhira chitini chopanda kanthu.

A Chikoti anali atakonza mawu njira yonse, koma atakhala pachitinipo anangonena mmene zinabwerera. Ananena zimene anauza bwana ndi zimene anasiya. Ananenanso chifukwa chake, chomwe chinali chovuta kutulutsa kuposa zonse. Davie ankamvetsera akupukuta manja pa thalauza.

"Mawu a zigafawo ndinanenadi," anatero pomaliza. "Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu ndekha, kuti pakamwa panga ndi pamene panatichotsa. Zoti bwana ankafuna kundikweza, ndikuzimva lero." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ukapitawo wake sindikanaufuna n'komwe. Ine ndinkafuna ndikolole kawiri, ndibwerere kwathu ndikagule malo."

"Simunabwerere?"

"Ndi chiyani? Tinagona pakhonde la sitolo ina apa masabata awiri. Mwini wake, Msilamu wina, Mulungu amukumbukire, ndiye anandiphunzitsa ntchito iyi." Anatola chidutswa cha lata n'kuchiyang'ana. "Kodi mjigo uja unakumbidwa?"

"Unakumbidwa. Patapita zaka ziwiri."

"Anapempha ndani?"

"Ine."

"Ndiye anakuyamikani, eti?"

"Anandiyamika."

Davie anagwedeza mutu. Minibasi inaima pafupi, kondakitala akuitanira a ku Mchinji, kenako inanyamuka.

"Chakubweretsani n'chiyani lero, zaka zonsezi zitapita? Mukudwala?"

"Ayi. Ndinawerenga buku lina kusukulu kumene ndimagwira ntchito. Ana ankakangana za munthu wa m'menemo."

Davie anawayang'ana ngati sanamve bwino. "Buku," anatero. Sanafunse zambiri. Kenako anati, "Ine ndamva. Sindinena kuti zatha, chifukwa si ine ndekha. Amene anayenda ndi ana pamvula ndi amayi akunyumba. Anali asanathe n'kulira komwe maliro. Ngati pali woti amve zimenezi, ndi iwowo."

Nyumba yawo inali kuseri kwa msika, ya njerwa zosawotcha, yofolera bwino. Davie analowa yekha, a Chikoti anatsala panja chipewa chili m'manja. Anamva mawu apansipansi mkatimo kwa nthawi ndithu. Davie anatuluka yekha.

"Akuti amva kuti mwabwera," anatero. "Akuti satuluka."

A Chikoti anati akumvetsa. Davie anawaperekeza mpaka pamsewu, monga mwa mwambo, koma sanagwirane chanza.

Kusukulu sanauze aliyense za ulendowo. Bukulo linapitiriza kuyenda m'manja mwa ana mpaka masamba ake omaliza anayamba kuthothoka, ndipo a Chikoti anawasoka ndi ulusi wosokera fodya. Kumapeto kwake kunalembedwa kuti nkhaniyo ili ndi gawo lachiwiri. Mayi Nkhoma anafunsa m'masitolo a mabuku mumzinda koma sanalipeze. Tadala analemba lakelake m'makope awiri, momwe Nansomba anakwatiwa ndi mwana wa mfumu patsamba lachisanu, ndipo Salma anakana kuliwerenga. Salmayo atalemba mayeso a Fomu 4 anapita kukakhala kwa azakhali ake ku Salima, akunena kuti akufuna kudzaphunzira zamalamulo.

A Chikoti anapitanso ku Msundwe atakolola, atanyamula thumba laling'ono la mtedza lomwe a Nabanda anawapatsira. Davie analandira, nati akapereka kunyumba. Ulendo wachitatu, m'nyengo yotentha, anamupeza ali ndi ntchito yambiri ya zothirira za alimi a nazale, ndipo Davie anawapatsa lata kuti agwire mbali imodzi iye akukhoma. Anagwira ntchito limodzi mpaka masana, akukamba za mitengo ya mbewu ndi za anthu a pa esiteti ija, amene anamwalira ndi amene akadali moyo.

Ali pakati pa ntchitoyo, Martha anadutsa pashedipo akuchokera kuchigayo, thumba la ufa kumutu. A Chikoti anaimirira n'kuvula chipewa.

"Muli bwanji, mayi?"

Martha anaima. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafulumira.

"Mwakalamba," anatero, n'kupitiriza ulendo wake.

Davie anadikira mpaka atakhota kuseri kwa msika. Kenako analoza lata lija ndi nyundo.

"Gwirani bwino kumeneko," anatero. "Likupotoka."